Mafunso Anu: Ulendo Wokakwera Mapiri Ataliatali Kunja kwa Dziko

Mwa makalata amene talandira mwezi uno, angapo achokera kwa owerenga amene akukonzekera ulendo wa kunja wokakwera mapiri ataliatali ndi kukaona malo a mbiri yakale a kumeneko. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa zaka 46 ndipo ndimathamanga pafupifupi m'mawa uliwonse. Ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndikakwere phiri la Kilimanjaro ku Tanzania. Kampani imene ndalankhula nayo yandipatsa maulendo awiri oti ndisankhepo: wa masiku 5 kudzera njira ya Marangu, ndi wa masiku 8 kudzera njira ya Lemosho, umene uli wokwera mtengo. Popeza thupi langa ndi lolimba, kodi pali chifukwa chenicheni cholipirira ulendo wautaliwo?

YANKHO: Bambo, sankhani ulendo wa masiku 8, ndipo ngati ndalama sizinakwane pakadali pano, ndi bwino kudikira chaka china kusiyana ndi kupita pa ulendo wa masiku 5. Anthu ambiri amene amabwerera panjira pa Kilimanjaro amabwerera miyendo ikadali ndi mphamvu. Chimene chimawagonjetsa ndi kuchepa kwa okosijeni, ndipo vuto limeneli silisankha wothamanga kapena wosathamanga.

Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni pafupifupi magawo 21 pa 100 alionse, ndipo gawo limeneli silisintha ngakhale pamwamba pa phiri. Chimene chimasintha ndi kupanikizika kwa mpweyawo, chifukwa munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka, kotero kuti mapapo amakoka okosijeni wochepa nthawi iliyonse imene akupuma. Pa Uhuru Peak, pamene pali nsonga ya Kilimanjaro, pa mamita 5,895 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, munthu akapuma kamodzi amapeza pafupifupi theka la okosijeni amene akanapeza ali m'mphepete mwa nyanjayo. Thupi limatha kuzolowera zimenezi: limayamba kupuma mozama ndi mofulumira, impso zimasintha kagwiridwe kake ka ntchito kuti magazi agwirizane ndi kapumidwe katsopanoko, ndipo pakapita milungu magazi amawonjezera maselo ofiira. Koma zonsezi zimafuna masiku, ndipo palibe masewera olimbitsa thupi amene angafupikitse masikuwo. Nthawi zina olimba ndi amene amadwala msanga, chifukwa amayenda mothamanga ndi kufika pamwamba thupi lisanazolowere.

Bungwe la madokotala la Wilderness Medical Society limalangiza kuti munthu akadutsa mamita 3,000, malo amene akagone usiku asakwere kupitirira mamita 500 poyerekeza ndi pamene anagona dzulo lake, ndiponso azipumula tsiku limodzi pakatha masiku 3 kapena 4 alionse. Tsopano yang'anani ulendo wa masiku 5 wa Marangu. Usiku woyamba mumagona ku Mandara, pa mamita pafupifupi 2,700. Wachiwiri ku Horombo, pa mamita pafupifupi 3,700. Wachitatu mumafika ku Kibo, pa mamita pafupifupi 4,700, ndipo pakati pa usiku womwewo mumadzutsidwa kuti muyambe kukwera kunsonga. Ndiye kuti tsiku lililonse mukukwera kuwirikiza kawiri mlingo umene madokotala amalangiza. Njira ya Lemosho imayambira chakumadzulo kwa phiri, imadutsa pa chidikha cha Shira kumene mumakhala masiku angapo osakwera kwambiri, kenako imakukwezani masana kukafika pa Lava Tower, pa mamita pafupifupi 4,600, n'kukutsitsani kukagona ku Barranco, kumene sikufika mamita 4,000. Kukwera masana n'kukagona m'munsi usiku kumathandiza kwambiri kuti thupi lizolowere. Ngati mwakonda Marangu chifukwa chakuti kumeneko anthu amagona m'tinyumba m'malo mwa mahema, pemphani kuti awonjezere tsiku lopumula ku Horombo.

Ngakhale mutasankha njira yaitali, muyenera kudziwa zizindikiro za matenda a m'mapiri, amene angayambe munthu akadutsa mamita 2,500. Choyamba chimakhala mutu, ndipo umabwera pamodzi ndi nseru, kusafuna kudya, chizungulire kapena kutopa kosagwirizana ndi mtunda umene mwayenda. Mukamva zimenezi musapitirize kukwera. Khalani pomwepo mpaka mutapeza bwino, ndipo ngati zikukulirakulira, tsikani. Pali mitundu iwiri yoopsa imene imapha. Wina ndi wa madzi odzaza m'mapapo, pamene munthu amapuma movutikira ngakhale atakhala pansi, amatsokomola, milomo imasintha mtundu, ndipo nthawi zina amalavula makhololo a thovu osakanikirana ndi magazi. Wina ndi wa kutupa kwa ubongo, pamene munthu amayenda modzandira ngati waledzera, amayankha zosagwirizana ndi funso ndipo amangofuna kugona. Otsogolera odziwa ntchito amayesa wodwala pomuuza kuti ayende mumzere wowongoka, chidendene chikugunda chala cha phazi lina. Amene walephera kutero atsitsidwe nthawi yomweyo, ngakhale kuli usiku, ndipo asatsike yekha. Chonde, Bambo, musabise mutu kwa wotsogolera wanu poopa kuti akubwezani, pakuti iye akadziwa msanga amatha kusintha kayendedwe ka tsikulo n'kupulumutsa ulendo wanu wonse.

Kuthamanga kwanu sikunapite pachabe. Kudzakuthandizani usiku wokwera kunsonga, pamene mudzayenda maola ambiri mumdima ndi tochi pamphumi, pa timiyala toterereka, kukuzizira mpaka madzi kuuma m'botolo. Onjezerani maulendo aatali a pansi okwera ndi kutsika zitunda, mutavala jombo zomwe mudzapite nazo kuti zifewe ndipo zisadzakutulutseni matuza. Miyezi yabwino ndi Januwale ndi Febuluwale, kapena Juni mpaka Okutobala. Pewani mvula yaikulu ya Epulo ndi Meyi.

FUNSO: Ine ndi amuna anga tikufuna kukafika ku Everest Base Camp ku Nepal, komanso ine ndimalakalaka kuona akachisi a ku Kathmandu. Kodi tiyambe ndi mzinda kapena phiri? Ndiponso ndife Akhristu, ndipo sitikufuna kukalakwira eni ake m'malo awo opembedzera chifukwa cha umbuli. Tikachite bwanji?

YANKHO: Mayi, yambani ndi phiri, ndipo masiku oona mzinda muwasunge kumapeto. Mukafika ku Kathmandu khalani tsiku limodzi kapena awiri kuti mupume, mukumane ndi wotsogolera wanu ndi kugula kapena kubwereka zovala zofunda m'dera la Thamel, kenako nyamukani. Mzindawu uli pa mamita pafupifupi 1,400 okha, choncho kukhalitsa kumeneko sikuthandiza thupi kuzolowera mapiri. Chifukwa chachikulu, komabe, ndi ndege. Ulendo wapansi umayambira ku Lukla, kabwalo ka ndege kakang'ono komangidwa pa mtsetse wa phiri pa mamita opitirira 2,800, ndipo ndege zimatera kumeneko pokhapokha woyendetsa akuona bwino. Mitambo ikatseka, anthu amatha kudikira masiku angapo. Mukasiya masiku 3 a Kathmandu kumapeto, kuchedwa koteroko kudzakudyerani masiku oona malo, koma ndege yobwerera kwanu simudzaiphonya. Funsaninso kampani yanu kumene ndege ya ku Lukla idzanyamukire, chifukwa m'nyengo ya alendo ambiri imanyamukira ku Ramechhap, kumene ndi ulendo wa maola angapo pa galimoto kuchokera ku Kathmandu.

Ulendo wochoka ku Lukla kukafika ku Base Camp, msasa wa m'munsi mwa phiri la Everest umene uli pa mamita 5,364, ndi kubwerera umatenga masiku pafupifupi 12. Onetsetsani kuti pa ndondomeko yanu pali kugona kawiri ku Namche Bazaar, pa mamita 3,440, ndiponso kawiri ku Dingboche, pa mamita pafupifupi 4,400. Dziwaninso kuti nsonga ya Everest sioneka bwino muli pa Base Camp penipeni. Anthu amakaionera pa kaphiri ka Kala Patthar, pamwamba pa kamudzi ka Gorak Shep. Nyengo zabwino ndi Okutobala ndi Novembala, kapena Malichi mpaka Meyi, popeza kuyambira Juni mpaka Seputembala kumagwa mvula yambiri.

Za chikhalidwe simudzadikira kufika mumzinda, chifukwa njira yonse imadutsa m'midzi ya a Sherpa, anthu a chipembedzo cha Chibuda amene akhala m'dera la Khumbu kwa zaka mazana ambiri. M'njira mudzapeza milu ndi makoma a miyala yolembedwa mapemphero. Mwambo wake ndi wakuti muzidutsa chakumanzere kwake, miyalayo ikhale kudzanja lanu lamanja, ndipo musakhalepo kapena kuikapo chikwama. Ku Tengboche kuli nyumba ya amonke yodziwika kwambiri m'derali, ndipo alendo amaloledwa kulowa kukamvera mapemphero atavula nsapato ndi chipewa, atakhala chete m'mbali mwa khoma. Palibe amene adzakuumirizeni kugwada kapena kupembedza. Chimene eni ake amayembekeza ndi ulemu umene inunso mungafune kwa mlendo wolowa m'tchalitchi. M'derali anthu sapha nyama chifukwa cha chikhulupiriro chawo, kotero nyama imene imagulitsidwa m'malo ogona alendo imakhala itanyamulidwa kuchokera kumunsi kwa masiku angapo popanda firiji. Ndi nzeru kuipewa n'kumadya dal bhat, chakudya cha mpunga, mphodza ndi ndiwo zamasamba chimene otsogolera ndi onyamula katundu amadya tsiku lililonse. Mukakumana ndi ziweto zonyamula katundu pa njira yopapatiza, imani mbali ya kuphiri, osati ya kuphompho.

Chigwa cha Kathmandu chili pa mndandanda wa malo otetezedwa a UNESCO kuyambira 1979, ndipo malo ake ndi 7: mabwalo a nyumba zachifumu a Kathmandu, Patan ndi Bhaktapur, malo opatulika a Chibuda a Boudhanath ndi Swayambhunath, ndi akachisi a Chihindu a Pashupatinath ndi Changu Narayan. Masiku 3 sakwana kuona onse bwinobwino, ndipo ine ndingakulangizeni kupereka tsiku lathunthu ku Bhaktapur. Kumeneko kuli kachisi wa Nyatapola, wa madenga asanu osanjikizana, amene anamangidwa mu 1702 ndipo anapirira zivomezi za mu 1934 ndi 2015. Chivomezi cha pa 25 Epulo 2015 chinapha anthu pafupifupi 9,000 ndi kugwetsa nyumba zambiri zakale, choncho zina zimene mudzaone ndi zomangidwanso ndi amisiri a masiku ano. Ku Boudhanath pitani madzulo, pamene anthu aweruka kuntchito ndipo akuzungulira chimango chopatulika choyera ndi chachikulu chimene chili pamenepo, okalamba atagwira mikanda yopempherera, ena akuyatsa tinyali ta mafuta. Mukafuna kuyenda nawo, tsatirani mbali imene onse akulowera.

Pa Pashupatinath pokha ndikufuna kutsindika. Amene si Mhindu saloledwa kulowa m'kachisi wamkulu, koma amatha kuima kutsidya kwa mtsinje wa Bagmati, kumene amaona mabanja akutentha mitembo ya abale awo. Amenewo ndi maliro enieni, ndipo amene akulira pamenepo ndi ana ndi akazi a womwalirayo. Ikani foni m'thumba. Kulikonse kumene mungapite, valani zobisa mapewa ndi mawondo, perekani ndi kulandira zinthu ndi dzanja lamanja, ndipo pemphani chilolezo musanajambule munthu.

FUNSO: Mnzanga amene anapitako ku mapiri wandipatsa mapiritsi a Diamox amene anamutsalira, ndipo akuti ndikamwa sindidzadwala. Ine ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kodi ndingamwe?

YANKHO: Achimwene, musamwe musanaonane ndi dokotala wanu. Diamox, amene dzina lake lenileni ndi acetazolamide, amathandizadi thupi kuzolowera msanga, koma amakodzetsa kwambiri, amachititsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndipo angasokonezane ndi mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, makamaka amene nawonso amachotsa madzi m'thupi. Sayenera kwa ena amene ali ndi vuto la impso kapena chiwindi, ndipo amene thupi lawo linadanapo ndi mankhwala a gulu la sulfa ayenera kumuuza dokotala. Komanso si zoona kuti womwa sadwala. Amene akukwera mothamanga akhoza kudwalabe. Anthu ambiri a vuto la kuthamanga kwa magazi amakwera mapiri bwinobwino ngati vutolo likulamulirika, koma amene ali ndi matenda a mtima, a mapapo kapena a sickle cell afunika uphungu wapadera asanalipire chilichonse. Mukapita kwa dokotala mutenge ndondomeko ya ulendo yosonyeza kutalika kwa malo ogona usiku uliwonse, ndipo mufunse za katemera, kuphatikizapo wa yellow fever amene mayiko ena amafuna kuona chiphaso chake pachipata. Mankhwala anu a tsiku ndi tsiku akhale m'chikwama chimene muli nacho pamsana. Pomaliza, werengani bwino pepala la inshulansi, chifukwa inshulansi zambiri za apaulendo zimalekezera pa mlingo wina wa kutalika, ndipo yanu iyenera kutchula mamita amene mukafike komanso kunyamulidwa pa helikopita.

FUNSO: Tikupita ku Peru kukaona Machu Picchu, ndipo tamva kuti anthu amadwala chifukwa cha kutalika kwa malowo. Kodi tikhale masiku angati ku Cusco tisanakwere?

YANKHO: Owerenga ambiri amadabwa akamva kuti Machu Picchu, mabwinja a mzinda wakale wa a Inca amene ankalamulira derali anthu a ku Spain asanafike, ili m'munsi kuposa Cusco. Mabwinjawo ali pa mamita pafupifupi 2,430, pamene mzinda wa Cusco uli pa mamita pafupifupi 3,400, ndipo anthu ambiri amafikako pa ndege kuchokera ku Lima, m'mphepete mwa nyanja, pa ulendo wosakwana maola awiri. Choncho kumene alendo amadwala kawirikawiri ndi ku Cusco, usiku woyamba. Njira yabwino ndi yakuti mukatsika ndege mupitirire pa galimoto kupita ku chigwa cha mtsinje wa Urubamba, mukagone ku Ollantaytambo, pa mamita pafupifupi 2,800, masiku awiri. Kumeneko muli kale pakati pa ntchito za a Inca: makoma a miyala ikuluikulu, minda ya migula m'mapiri, ndi ngalande zamiyala zimene madzi akuyendabe m'misewu ya tauniyo. Pano, mosiyana ndi ku Nepal, kuona malo kumabwera poyamba chifukwa kumathandiza thupi kuzolowera. Mukaona Machu Picchu, bwererani ku Cusco mukaone mabwinja a Sacsayhuamán ndi Qorikancha, kachisi wa dzuwa amene anthu a ku Spain anamangapo tchalitchi cha Santo Domingo pamwamba pa makoma ake.

Ngati mukufuna kukafika ku Machu Picchu wapansi kudzera Inca Trail, ulendo wa masiku 4 umene umadutsa pa mpata wa mamita opitirira 4,200, khalani kaye m'derali masiku osachepera 3. Boma limalola anthu 500 okha patsiku kuyamba njirayi, kuwerengera ndi otsogolera ndi onyamula katundu omwe, ndipo zilolezo za miyezi yopanda mvula, Meyi mpaka Seputembala, zimatha miyezi ingapo nthawiyo isanafike. Mu Febuluwale njirayi imatsekedwa kuti ikonzedwe. Chilolezo chimalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti yanu, choncho mukasintha pasipoti mutalipira kale, dziwitsani kampani yanu msanga.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 27. Zimandichititsa manyazi kuganiza kuti munthu wina, mwina wamkulu ngati bambo anga, adzasenza katundu wanga pamene ine ndikuyenda ndi kachikwama kakang'ono. Kodi si bwino ndinyamule ndekha?

YANKHO: Achemwali, mtima umene muli nawo ndi wabwino, koma kukana wonyamula katundu sikumuthandiza, chifukwa ntchito imeneyi ndi imene imadyetsa mabanja ambiri m'midzi yozungulira mapiriwa, ndipo otsogolera ambiri anayambira pomwepo. Pa Kilimanjaro lamulo sililola n'komwe kukwera popanda wotsogolera wovomerezeka, ndipo mahema, chakudya ndi ziwiya za gulu lonse zimafuna anthu ozinyamula. Kumene nkhawa yanu ingagwire ntchito ndi pa kasamalidwe ka anthuwa. Pali onyamula katundu amene amakwera atavala nsapato zong'ambika, amadya kamodzi patsiku, amagona mothithikana m'hema lodyera alendo akamaliza kudya, ndipo akadwala amauzidwa kuti atsike okha. Iwonso amadwala matenda a m'mapiri ngati wina aliyense, makamaka ku Nepal, kumene onyamula katundu ambiri amachokera kumadera akumunsi ndipo si a Sherpa obadwira m'mapiri. Ulendo ukakhala wotsika mtengo modabwitsa, nthawi zambiri ndalama zimene mlendo wapulumutsa zimachoka pa malipiro ndi chakudya cha anthu amenewa.

Musanalipire, lemberani kampani mafunso omveka bwino: wonyamula katundu amalandira zingati patsiku, amadya kangati, amagona pati, amapatsidwa zovala zofunda kapena ayi, ndipo akadwala amamutsitsa ndani. Pa Kilimanjaro katundu wa alendo amene munthu mmodzi amaloledwa kusenza ndi makilogalamu 20, ndipo amayezedwa pachipata. Imani pafupi ndi sikelo muone nokha. Bungwe la Kilimanjaro Porters Assistance Project limasindikiza mndandanda wa makampani amene limawayendera ndi kutsimikiza kuti amasamala antchito awo, ndipo ndi poyambira pabwino posankha kampani. Chepetsani katundu wanu, phunzirani dzina la amene akukusenzerani, ndipo wina akadwala m'njira funsani wotsogolera kuti wapita naye ndani. Ndalama zowathokoza pa tsiku lomaliza muzikonzere maenvelopu, ndipo muzipereke kwa munthu aliyense m'manja mwake kapena muzilengeze gulu lonse likumva, kuti aliyense adziwe zimene zamugwera.